Tsiku Limene Abambo Mphepo Anatsika Chimanjamanja

Kuofesi ya zanyengo aliyense ankawatchula Abambo Mphepo. Ntchito yawo inali kusamalira kachipangizo koyezera liwiro la mphepo, ka timakapu tozungulira pamwamba pa chitsulo chachitali kuseri kwa ofesi. Ankakathira mafuta, kukapukuta zitosi za mbalame, n'kumakalankhula. Akazi awo ankadandaula moseka kuti ali pamitala.

Koma anali ndi kachizolowezi kawo. Kachipangizo koyamba kanasweka ndi namondwe iwo atangoyamba ntchito, ndipo kudikira kena kunawameretsa imvi. Ndiye mitambo ikangoda moopsa, ankakwera makwerero, kukamasula, n'kukakulunga m'bulangete. Chikondi china n'chopusitsa ndithu.

Amene anadzadandaula ndi mwana wawo wamkazi, yemwe anaphunzira zanyengo zomwezo. Omanga sukulu yatsopano, yodzaphunzirako adzukulu awo, anamufunsa ngati anamondwe akukulirakulira mphamvu, kuti adziwe kakhomedwe ka denga. Iye anapita kwa abambo akewo.

"Ababa, manambala anu ndi a masiku abata okhaokha. Namondwe akafika, kachipangizo kamakhala kali m'bulangete. Anthuwa ndiwauza chiyani?"

"Nanga umafuna kasweke?"

"Ndimafuna kagwire ntchito yake."

Mawuwo anawapweteka kwambiri, moti tsiku limenelo sanadye.

Namondwe wina atalengezedwa, anatulutsa makwerero mwachizolowezi. Anaima nawo pansi pa chitsulo, mphepo ikukupiza malaya awo. "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere," anang'ung'udza. Anakwera, anamangitsa mabawuti onse, n'kutsika chimanjamanja. Kunyumba anangokhala pampando mtima uli m'mwamba, chilichonse chikagwa panja n'kumati basi, ndi komweko.

Mphepo itatha anathamangira kuofesi, akulumpha mitengo yakugwa, nyamakazi ataiiwala. Anakapeza kali pomwepo, kakapu kamodzi katapindika, kakuzungulira motsimphina. Pakompyuta panali liwiro limene ofesiyo inali isanalionepo.

"Nambala imodzi siuza zonse," anatero mwana wawo, yemwe anawatsatira kuofesiko, "koma tayambapo. Omanga aja ati awonjezera zitsulo ndi misomali."

Abambo Mphepo anayang'ana m'mwamba misozi ili lengelenge, chisangalalo chitasakanikirana ndi manyazi.

"Kani kanali kolimba chonchi, ine n'kumakabisa?"

Mwanayo anaseka, n'kuwagwira paphewa. "Inenso munkandibisa chonchi, ababa, mpaka tsiku lija munandikweza nokha basi yopita kusukulu."