Jekete Lolandirira Boma

Kufupi ndi Kasina kuli bambo ena achikulire amene amaliza belu la katchalitchi ka m'mudzi. Iwowa zaka saziwerenga ndi kalendala, amaziwerenga ndi zimene boma linagawa. "Iwe unabadwa chaka cha sitata paki," amatero kwa mdzukulu wawo, "mlongo wakoyu ndi wa makuponi." Ukawafunsa za atsamunda amapukusa mutu. "Amenewo ankangodziwa msonkho. Boma lopatsa taliona imvi zitayamba kale."

Chaka chatha kunamveka kuti kukubwera a boma kudzalemba mabanja ovutikitsitsa kuti alowe mu Mtukula Pakhomo. Kachewere wa bambowa anali atapsa ndi chiwawu, denga likudontha, koma iwo anaona kuti mlendo wotere salandiridwa mwachisawawa. Anabwereka mipando kwa aphunzitsi, wailesi kwa akatekisiti, n'kuvala jekete la pa ukwati wa mwana wawo.

"Bambo, anthuwa akudzaona umphawi," anawachenjeza akazi awo.

"Umphawi ndi wathu, mayi. Boma tilionetse ulemu."

Mtsikana wolemba mayina atafika anakhala pampando wofewa, anayang'ana wailesi, anayang'ana jekete, n'kuthokoza kwambiri tiyi wamkaka. Mayina atatuluka, lawo munalibe.

Akazi awo anatha sabata osawalankhula, ndipo bambowo madzi osamba ankadzitungira okha. Anansi anawauza kuti akadandaule ku komiti, koma mpaka lero amakana, chifuwa chili patsogolo.

"Mudzi wonse uno, boma lapezamo munthu wolemera mmodzi yekha. Ndiye ine ndipite ndikalitsutse?"