Tiyi wa a Chen pa Khonde la Achimwene

Ndinatula dengu pakati pa munda, kapitawo akukuwa kumbuyo. Sindinacheuke. Mchemwali wanga Esnart, namwino ku Sheffield, kutsidya la nyanja, anali atatumiza tikiti ya ndege. Achimwene a Yohane, amene tinkathyola nawo tiyi ku Thyolo, anangoti, "Pita. Amayi ndiwaona ndekha."

Chitupa changa cholowera m'dzikolo chinali cha mlendo. Chinatha, ine ndinakhalabe. Ntchito ndinaipeza kwa a Chen, mkulu wa ku China, mwini kasitolo ka tiyi pafupi ndi yunivesite. Kusesa, kunyamula makatoni. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Foni ya kumudzi Lamlungu, mawu ochepa. Esnart ankangokhalira kuchipatala. Masiku ambiri woyankhula naye anali a Chen okha, ndipo Chingerezi chathu tonse chinali chotsimphina.

Tiyi wawo sanali wa m'paketi. Anali woumbidwa ngati chigumu, wakuda, wonunkhira dothi lonyowa. Wina anakhala pashelefu zaka makumi awiri. Ku fakitale kwathu tikanati wachita nkhungu, atayidwe. A Chen anandiphunzitsa ndi manja. Pobenthula umalowetsa kampeni m'mbali, masamba asaphwanyike. Tiyi wosamudziwa umamuyesa m'kambale koyera ka chivindikiro, chifukwa sikasunga fungo. Wokalamba amafuna katiipoti kadongo, kochepa ngati chibakera. Kameneko sikatsukidwa ndi sopo, ndipo tiyi wamtundu wina salowamo. Madzi akhale obwadamuka. Oyamba umatsukira masamba n'kutaya. Ukathira achiwiri umapuma mpweya kasanu, n'kutsanula onse. Ulendo uliwonse umawonjezerako nthawi pang'ono. Masamba omwewo umathira madzi kakhumi. Shuga ayi.

Amayi anamwalira chaka changa chachinayi. Ndikanatuluka, sakanandilolanso kulowa. Sindinapite. Ndinatumiza ya bokosi. Achimwene anasiya kuyankha foni.

Chaka chachisanu ndi chimodzi ndinatopa n'kubisala, ndinabwerera. A Chen anandipatsa katiipoti kamodzi, tikapu, ndi chigumu cha tiyi chokulunga m'pepala.

Mawu opepesa ine ndilibe. Ndinaganiza kuti ndiwaphikire achimwene tiyi ameneyu. Akamwa, ndiye kuti zatha.

Ndinawapeza pa khonde, ataonda, imvi mbuu. Anandipatsa dzanja osadzuka. Alamu anga a Nabanda anawiritsa madzi pa mbaula. Ndinabenthula, ndinathira, ndinataya oyamba aja.

"Mayo, akutaya tiyi!" anatero alamu. "Ndipo tikapu timeneti n'ta mankhwala?"

Ndinathiranso madzi, ndinapuma kasanu, ndinatsanula. Tiyi anatuluka wofiirira, wosalala. Sindinaphikepo bwino chotero. Ndinapereka ndi manja awiri.

Achimwene analandira, koma sanamwe. Anavundukula katiipoti, anatulutsa tsamba lonyowa, n'kulitambasula padzanja ndi chala chachikulu, monga amachitira kapitawo pa sikelo.

"Ife timathyola masamba awiri ndi nsonga," anatero. "Apa pali anayi, ndi phesi lomwe. Amene anathyola uyu ankathamangira kwina."

"Amafuna choncho, achimwene. Tsamba lokhwima ndi limene limakalamba bwino."

"Wakuuza ndani? Ine ndathyola zaka makumi atatu. Dzanja la munthu amene mtima wake suli m'munda ndimalidziwa."

Anaika kakapu pansi, kodzadza. Tsamba lija anapukutira pa buluku.

"Anabanda, tiphikireni wathu uja. Muthire shuga. Kapu imodzi basi."

Ndinadzuka. Ndinatsika khonde, n'kulowera njira ya kumsewu.