Esnati, mayi a ku Marsabit aja anati chiyani?

Esnati, ndimalongedza matewera m'chikwama cha kuchipatala, ndiye ndapeza chithunzi chathu chija cha ku chipululu cha Chalbi. Taima pamchenga woyera ngati mchere, ife anayi a kwaya yakale ya ku Ndirande, iwe ukuthawa ngamila utanyamula nsapato m'manja. Ukukumbuka pobwerera titalowa mulesitilanti ku Marsabit? Inu nonse anakupatsani nyama ya mbuzi ndi chapati. Ine mayi ophika aja anangondiyang'ana, n'kundichotsera tiyi, n'kundiikira mkaka wa ngamila wonunkha utsi. Kenako anakunong'oneza m'Chiswahili. Chonsecho za pathupi ndinali ndisanauze munthu, ngakhale bambo akunyumba. Anadziwa bwanji? Ndinakugwira chitenje, ndikuti, "Iwe, akuti chani?" Iwe n'kuseka: "Tamwa mkakawo, mbuli iwe. Ndidzakuuza ukadzachira."

Minibasi ija ya matatu imene inatenga moyo wako pa Thika Road sinadikire kuti ndichire, Esnati. Ndafunsa anzathu awiri aja, Rozi ndi Agnesi, akuti iwo anali kalikiliki ndi nyama, sanamve kanthu. Tsono adokotala akuti mwana wakhala mopingasa, mawa akanding'amba. Amayi anga ali kutali kumudzi, kuno kuchilendo ku Kawangware wondiperekeza unali iweyo. Ndikuopa, mwali. Anaona chiyani mwa ine mayi aja? Unaseka chifukwa zinali zabwino, kapena unaseka kuti ndisaope? Ngati zinali zoipa, khala nazo komweko, sindikukwiyira. Koma ngati zinali zabwino, bwera undiuze kutulo, ndikalowe m'chipinda chimenecho ndikudziwa.