A Gitala ndi Nambala Seveni

Mumsewu wa kuseri kwa msika palibe amene sadziwa kuti a Gitala anali woimba. Palibenso amene anawamvapo akuimba. Zinthu ziwirizi zakhala limodzi mwamtendere kwa zaka zambiri, kuposa mabanja ena a mumsewu womwewo.

Ntchito yawo yeniyeni ndi yokonza mawotchi, ntchito imene inamwalira mafoni atabwera, kungoti mwini wake sanauzidwe za malirowo. M'mawa uliwonse ankakhala pawindo la chipinda chakumaso, kagalasi kokulitsa zinthu kali padiso, kupukuta mawotchi amene eni ake anawaiwala kalekale. Chimene chinkadyetsa nyumba chinali patebulo la pangodya: kompyuta yakale, yachikasu ngati mano a wosuta fodya, ndi pulinta yaphokoso imene akazi awo ankasindikizira anthu makalata ofunsira ntchito.

Koma kwa a Gitala kompyutayo sinali ya makalata. Ali mnyamata anali m'bandi ya anthu anayi, ndipo anakajambula nyimbo imodzi kwa munthu wina amene ankasunga kompyutayo m'galaja. Bandi inatha, wa galaja uja anasamuka, a Gitala n'kugula kompyutayo, nyimbo yawo ili m'mimba mwake. Nyimboyo inkatseguka ndi pulogalamu ya momwemo basi, kudzera pa khadi ya mawu ya momwemonso. Tsono pulinta itangolowa m'nyumba, nyimbo inadwala chibwibwi. Akaiyatsa, sipika inkangoti "nde-nde-nde-nde", kenako kompyuta yonse n'kuuma gwa!

"Nde-nde" ameneyu ndiye anawakweza a Gitala, pakuti nyimbo yosamveka ilibe polakwika. Inkakomerakomera chaka ndi chaka. Poyamba ankati ikanafika pa wailesi. Kenako anati wa galaja uja anagwetsa misozi pojambula. Mapeto ake ankati oimba a masiku ano anawabera kaimbidwe, ngakhale sankafotokoza kuti akubawo anaimvera kuti.

Wowavuta anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, woyendetsa takisi.

"Alamu," ankatero akusuzumira pawindo, "wailesi ya m'galimoto yafa. Tandigawireni ija ya nde-nde, makasitomala azivina."

"Inu nyimbo yomwe mumaidziwa ndi hutala basi," ankayankha a Gitala osachotsa kagalasi padiso.

Ndiye tsiku lina mwana wawo wamkazi, namwino wa kutali, anatumizira mayi ake kompyuta yatsopano, yopyapyala ngati mbale yafulati. Mayiwo sanachedwe.

"Abambo, nkhalamba iyi ichoke. Tebulo ndi limodzi. Loweruka kukudutsa wogula zitsulo zakale."

"Mayi, muli nyimbo yanga mmenemu!"

"Ndiye iimbetu. Ikaimba, ndiyala kansalu, ikhale pabalaza ngati mlendo. Ikapanda kuimba, ndi chitsulo."

"Ine Loweruka ndibweretsa abale onse," anawonjezera mlamu uja, amene ankamvetsera ali pawindo. "Kaya ndi konsati kaya ndi maliro, mipando ndi yomweyo."

Apa mpamene a Gitala, kwa nthawi yoyamba chigulireni, anamasula chivundikiro cha kompyuta. M'zaka zonsezo mankhwala awo anali kuimenya khofi pambali ndi kunena nsanje za anthu. M'kati anapezamo fumbi la mibadwo itatu ndi mphemvu youma, yofa ndi njala. Anapemerera, anasinthanitsa mawaya a sipika, anazula khadi ya mawu n'kuibwezeretsa. Nde-nde-nde-nde. Gwa!

Lachisanu m'mawa nzeru za mawotchi zinawabwerera. Wotchi ikamayamba kuyenda n'kuima, ndiye kuti timawilo tiwiri tikulimbirana malo amodzi. Anavala kagalasi n'kuyang'anitsitsa khadi ija. M'mphepete mwake munali mzere wa tizitsulo tosongoka tiwiritiwiri, pambali pake palembedwa IRQ ndi timanambala, ndipo kachipewa kakuda ka pulasitiki kanali kataphimba tizitsulo ta pa seveni. Anayatsa pulogalamu yoonetsa za m'kati mwa kompyuta. Chipangizo chilichonse chinali ndi nambala yakeyake, ngati khomo logogodapo chikafuna kulankhula ndi ubongo wa makinawo. Kiyibodi khomo lake, mausi khomo lake. Pulinta: seveni.

"Ha!" anafuula. "Zaka zonsezi luso langa likukankhana pakhomo ndi makalata ofunsira ulonda!"

Khomo la faifi linali lopanda mwini. Anazimitsa kompyuta, anatenga kopanira tizitsulo ta mawotchi, n'kusamutsa kachipewa kaja kuchoka pa seveni kupita pa faifi. Atayatsa, kunali zii. Ngakhale nde-nde yemwe anathawa. Thukuta linatsika. Anafufuza mpaka anapeza kamzere kamene kompyuta imawerenga ikamadzuka, kakunenabe kuti seveni, ngati mboni yosamva kuti mlandu unasintha. Anafufuta seveni, n'kulemba faifi.

Dzuwa linali paliwombo. Akazi awo sankaoneka, ndipo a Gitala anangoti apita kumsika. Anakhala bwino pampando, anakonza kolala, n'kudina.

Inaimba.

Gitala weniweni, woimbirayo, anayamba yekha, chingwe chimodzi chikulira mwa icho chokha. Ng'oma zinalowa mothamanga ngati zasiyidwa ndi basi. Kenako panabwera mawu, opyapyala, odutsira m'mphuno, onjenjemera ngati a mbuzi yomangidwa padzuwa: "Ndimakukonda ngati wotchi, tiki tiki, tiki tiki." Mawu a nyimbo yonse anali omwewo. Chapakati tambala analira kunja kwa galaja, ndipo kunena zoona tambalayo ndiye anali pa kiyi. Pomaliza panamveka wa galaja uja akubanika ndi kuseka, akupempha madzi. Misozi anagwetsadi munthuyo. Pamenepo a Gitala sananame.

Anayang'anitsitsa sipika. Mawa kukubwera abale, mlamu kutsogolo. Kompyuta ikaimba, ikhala pabalaza pakansalu, ndipo aliyense wolowa m'nyumbamo azipempha kuti amve tiki tiki mpaka tsiku la maliro awo, mwinanso pa maliro pomwepo.

Anazimitsa. Anatenga kopanira kaja, n'kubwezera kachipewa pa seveni. Kamzere kajanso anakabwezera mwakale, n'kumanga chivundikiro mwaluso lonse la wokonza mawotchi.

Loweruka chipinda chinadzaza mpaka pawindo. A Gitala anadina ndi chala chimodzi, mwaulemu. Nde-nde-nde-nde. Gwa!

Anavula chipewa. Kompyuta anainyamula okha, osalola wina kuwathandiza, mpaka pangolo ya wogula zitsulo.

"Dziko lataya chinthu lero," anatero ndi mawu olemera. "Simudzadziwa chimene mwataya."

Azakhali ena anapukuta m'maso. Ngakhale mlamu uja anawagwira paphewa, n'kunena kuti, "Pepani alamu, mwina inalidi nyimbo."

Anthu atabalalika, akazi awo anayamba kupukuta tebulo, kukonzera malo kompyuta yatsopano. Analankhula osatembenuka.

"Abambo, dzulo masana ndikuchapa kuseriku, ndinamva mbuzi ikulira chapafupi pompano. Inkati tiki tiki."

A Gitala anavala kagalasi padiso, n'kuweramira wotchi yakufa.

"Ya aneba imeneyo, mayi."

"Eya, ndinaganiza choncho. Mukawauze asadzaimasulenso."

Mpaka lero a Gitala amakhala pawindo lomwelo. Mukaima pang'ono, akuuzani za nyimbo yawo imene inapita ndi zitsulo. Pano akuti inali ndi malipenga.