Pamalo a Kampango

M'manda a bambo anga ku Liwaladzi munagona thunthu la nthochi. Boti lonyamula anthu limene ankayendetsa linamira ndi mwera ndili mwana, thupi lawo osapezeka, ndiye tinaika nthochi monga mwa mwambo. Amayi sizinawakomere. Ankati munthu sangalire nthochi.

Nditakula ndinayamba ntchito yogwira tinsomba ta mbuna pansi pa nyanja, botolo la mpweya kumsana. Amayi atamva anati, "Iwe umafika pansi. Ukandipezere ngakhale batani la malaya awo, tikaike m'mandamo." Ndinangovomera pakamwa. Nyanja si dimba loti ungalizungulire.

Chaka china m'nyengo yozizira, achimwene anga, amene ndi msodzi, anandipempha ndikawonjole ukonde wawo umene unakodwa pamalo awo a kampango. Malowo ankawabisa ngati mkazi wachiwiri. Kwa zaka zambiri ndiwo zapakhomo pathu zinkachokera pamenepo, ndipo tinkanyadira.

Madzi a pansi anazizira mpaka mano anga ankangoluma okha paipi ya mpweya. Ndinatsika motsata ukonde, kuwala kukuchepa. Ndinkayembekeza mwala, koma dzanja langa linagunda thabwa. Linali boti, litagona cham'mbali. Kumbuyo kwake kunali injini, ndipo pachiwongolero panali chigwiriro cha njinga chomangidwa ndi waya. Bambo anachimanga ine ndikuona, ndipo ankandilola kuchigwira. Pansi pa benchi imene ankakhalapo panatuluka kampango wonenepa, osandiopa n'komwe.

Sindinachitepo mantha otere, ngakhale tsiku limene ndinakumana ndi ng'ona. Ndinathyola chigwirirocho, dzimbiri lokhalokha, n'kukwera nacho.

"Wawonjola?" anafunsa achimwene m'bwato. Ndinawapatsa chitsulocho. Anachitembenuza, kenako anatenga mpeni n'kudula chingwe cha ukonde wawo.

Amayi tinawapeza akuwamba kampango wa dzulo lake. Chigwiriro anachizindikira tisanayankhule. "Mwachipeza kuti?" Tonse awiri maso anali pansomba zimene zinali pamoto. Anayang'ana ife, anayang'ana nsomba, n'kukhala pansi padothi.

"Ndiye zaka zonsezi amatidyetsabe," anatero.

Chigwirirocho tinakachikwirira pambali pa nthochi ija, ndipo amayi analira ngati maliro ndi a tsiku lomwelo. Iwo kampango amadyabe. Ine ngakhale fungo lake limandithamangitsa pakhomo.