Mapilitsi pa lichero

Abale, mwaswera bwanji nonse.

Ndangochoka kumene kwa achimwene a Fredi. Ndawapeza ayanika timapilitsi pa lichero, pambali pa mfutso wa nkhwani, eniake ali ndi kandodo kuingitsa nkhuku. Akuti dzulo mvula inawapeza pa njinga pochokera ku Nguludi, kapepala ka mankhwala kananyowa, ndiye aganiza zowayanika ngati ufa.

Kuyang'ana kapepalako, ndi foliki asidi, mankhwala a kusikelo aja! Kucheukira alamu, angobisa nkhope m'chitenje akuseka. Abale inu, alamu ndi oyembekezera! Zaka zonse zija tikupemphera! Ndaimba nthungululu mpaka nkhuku zabalalika.

Koma achimwenewo ndawakalipira. Ine pa mimba ya Tadala anamwino anandiuza kuti mankhwala amenewa sagwirizana ndi dzuwa. Kuwala kwake kumawawononga, pilitsi limaoneka labwinobwino koma mphamvu itachepa, chonsecho mwana akuwafuna kuti msana ndi ubongo ziumbike bwino. Tawataya onse, mawa ndiperekeza alamu kukatenga ena.

Alamu andilola kukuuzani. Tsono ndifunse, atsopanowo tisungitse ndani? Chifukwa achimwene awa, mwana akadzanyowa adzamuyanikanso pa lichero.