Zenera Loyang'ana ku Zambia

A Cyprian Mvula sindinawaonepo akuthamanga. Ngakhale mvula igwe, amayenda ngati munthu amene wadya kale. Kagolosale kawo kokonzera mawailesi kanali kuseri kwa msika wa pa boma la Mchinji, ndipo anayamba ndi mawotchi, kenaka mawailesi a kaseti, kenaka mafoni. Pamene malaputopu amafika, anthu ankati bambowa tsopano agwira njakata. Iwo ankangoseka.

Ine ndinali mphunzitsi, woyandikana nyumba ndi Mayi Stelia Kachingwe, namwino wochokera ku Nsanje. Tinkakhala cha kumtunda, njira yopita kumalire a Zambia. Mayiwa anali atadikira zaka zambiri mwayi wokapitiriza maphunziro a uzamba. Kawiri konse makalata awo anachedwa panjira. Mu 2009 anauzidwa kuti atumize mafomu pa intaneti Lachisanu isanakwane 12 koloko, ndipo chimenecho chinali chaka chawo chomaliza, chifukwa cha msinkhu.

Mchimwene wawo anali atawatumizira laputopu ndi kabokosi ka intaneti, kolowetsamo simu khadi. Zinkagwira bwino mpaka Lachitatu, pamene zinangoti zii. Aphunzitsi anzanga awiri odziwa makompyuta anabwera Lachinayi, nafufuta izi, nabwezeretsa izo, nachoka akunena kuti laputopuyo yatha ntchito. Ndinakwiya nawo, kunena zoona, chifukwa anadya nkhuku ya mayiwo osakonza kanthu.

Lachisanu m'mawa ndinakatenga a Mvula. Anavula nsapato pakhomo, nakhala pansi, laputopu osaikhudza n'komwe.

"Mayi, chasintha n'chiyani m'nyumba muno sabata ino?"

"Palibe, bambo. Chonde, nthawi ikutha."

"Fungo la laimuli ndi la liti?"

Mayi Kachingwe anayankha mosafuna kuti anapaka laimu Lachiwiri, pokonzekera chinkhoswe cha mwana wa mng'ono wawo. Katundu yense anasunthidwa. Kabokosi kaja, kamene kankakhala pa zenera la kum'mawa, azakhali awo anakaika pa zenera la pabalaza, pa kansalu koluka, kuti alendo akaone kuti pakhomo pano pali chitukuko.

A Mvula anatsegula laputopu, naloza timizere ta pakona.

"Onani, laputopu ikulankhula bwinobwino ndi kabokosi. Awiriwa sanayambane. Vuto ndi loti kabokosi sikakulankhula ndi kunja." Anandiyang'ana. "Aphunzitsi, imani pa zeneralo ndi foni yanu. Yalemba chiyani?"

Ndinayang'ana, ndipo ndinachita manyazi. Foni inali italemba dzina la kampani ya ku Zambia. Aliyense wa kuno amadziwa kuti ukaima malo ena foni imawoloka malire iwe uli pakhomo pako, koma palibe mmodzi wa ife ophunzira amene anaganiza kuti kabokosi nako kangawoloke.

"Simu ya ku Malawi, nsanja ya ku Zambia," anatero a Mvula. "Akuonana, koma sakupatsana kanthu."

Anazula kabokosiko, nakabwezera pa zenera la kum'mawa, kuchipinda kumene anaunjikako matumba a mtedza. Anakazimitsa, nadikira pang'ono, nakayatsanso. Kanyali kofiira kanaphethira kangapo, kenaka kanasanduka kobiriwira. Nthawi inali itadutsa 11 koloko.

Mayi Kachingwe anakokera laputopu pafupi. Anatsegula kalata yawo yopita ndi mafomu aja, naitembenuzira kwa a Mvula, osati kwa ine, ndipo sindinawadandaule.

"Bambo, tandiwerengereni kaye. Mwina ndalakwitsa penapake."

A Mvula anaibweza laputopuyo mwaulemu ndi manja awiri.

"Chingerezi n'chanu, mayi. Ine ndinalekezera Sitandade 4. Makolo anga anali matenanti a fodya ku Mkanda, ndipo chaka chilichonse lole inkatisamutsira ku esiteti ina mayeso asanafike. Ine ndatsegula njira basi. Dinani nokha."

Ananena zimenezi mopanda chisoni, ngati akutchula mtengo wa batire. Ine ndi amene ndinamva kuwawa.

Mayi Kachingwe anadina. Kalata inapita. Misozi ikutsikira pa yunifolomu, mayiwo anagwada pa simenti pamaso pa a Mvula.

"Dzukani, mayi, mudetsa zovala," anatero iwo akufunafuna nsapato zawo. "Mukafika kusukuluko, mukakhale kutsogolo. Mukaphunzireko ndi gawo langa."